Mpweya Wozungulira Mtima wa Apongozi

Apongozi anga aakazi sananditchulepo dzina langa. Tsiku limene mwana wawo anapita nane kwawo kukandionetsa, anandifunsa ntchito imene ndimagwira. Ndinayankha kuti ndimajambula odwala ndi makina a ekisire ku chipatala chachikulu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe unati amagwira ku chipatala, ine n'kumayesa ndi dokotala. Kani ndi a Jambulani?"

Dzina linakanirira pomwepo. Panadutsa zaka makumi awiri ndi zinayi, ana athu awiri anakula n'kuchoka pakhomo, mutu wanga unachita imvi, koma kwa apongozi ndinali a Jambulani ndithu.

Iwowo ntchito yawo inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Anakhala zaka makumi atatu pampando wa pambali pa dalaivala, phazi lili pafupi ndi buleki yawoyawo. Mawu awo ankamveka tsidya lina la msewu mawindo ali chitsekere. Madalaivala ambiri a mbali yathu anadutsa m'manja mwawo, ndipo ena, azibambo a ndevu zawo, akangowaona pamsewu ankawongola msana n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri.

Apongozi aamuna atamwalira, zinthu zinasintha. Bondo linayamba kuvuta, mphumu imene anali nayo kuyambira kale inakula, ndipo tinawatenga kuti tizikhala nawo m'chipinda chimene munkagona mwana wathu wamkulu. Munthu amene ankatsutsana ngakhale ndi wailesi anangoti zii. Ukawafunsa kanthu, yankho linali "ee", "ayi", kapena "zili bwino". Tsiku lina mkazi wanga, amene amaphunzitsa masamu ku sekondale, anasiya kuchonga makope n'kundiuza kuti, "Mukudziwa, bola akanamakunyozani ngati kale. Amayi awa ine sindikuwadziwa."

Chaka chonsecho anandipempha chinthu chimodzi chokha. Anabwera ndi kabati ya zovala ya malemu amuna awo, chikabati cha matabwa olimba chimene amuna anayi anachilowetsa akudandaula misana. Anachiimika pamene panali malo, ndipo chinatseka theka la windo.

"A Jambulani, mukapeza mpata kabatiyi isunthe pang'ono."

"Loweruka, amayi," ndinatero.

Loweruka limenelo ndinali pantchito. Lotsatira ndinapita kukakonzetsa galimoto. Linalo sindikumbuka n'komwe chimene ndinkachita.

Lachiwiri lina chakumasana mkazi wanga anandiimbira foni ndili kuntchito. Mayi woyandikana nafe nyumba anali atapeza apongozi ali pakhonde, atagwira pachifuwa, milomo itauma, ndipo anali m'njira kubwera nawo ku chipatala chathu. Mkazi wanga anati adzera kaye kunyumba kukatenga mankhwala awo a mphumu.

Anawalandira dokotala wachitsikana amene anali atangotha miyezi isanu pantchito, munthu wofatsa wa magalasi aakulu. Anawayeza magazi, anawamata timawaya pachifuwa kuti aone kagundidwe ka mtima, zonse zinaoneka bwinobwino. Apongozi ankati pachifuwa pakubaya akamakoka mpweya, ndipo ululu ukukwera mpaka m'khosi ndi paphewa. Koma matenda awo anali atawapeza kale okha.

"Ndi chilungulira ichi, mwana wanga. Ndipatseni mankhwala oyera aja ndizipita. Ndasiya zovala pachingwe."

Dokotalayo anatsala pang'ono kuwamvera. Analemba mankhwala, kenako anaima, cholembera chili m'mwamba. "Tingojambula kaye pachifuwa, amayi, kuti mtima wanga ukhale m'malo."

Mnzanga amene timasinthana naye anali patchuthi, choncho panalibe wina wojambula koma ine. Namwino anawathandiza kuvala mkanjo wa chipatala uja womanga kumbuyo, n'kuwaimika patsogolo pa bolodi. Ine thukuta linali kamukamu. Ndajambula anthu osawerengeka, akuluakulu ndi makanda omwe, koma kuuza apongozi kuti akumbatire bolodi n'kukweza chibwano ndi nkhani ina.

"Mapewa kutsogolo pang'ono, amayi. Eya. Tsopano kokani mpweya kwambiri. Gwirani pomwepo. Musapume."

Makina analira.

"Pumani."

"Lero ndiye mwaupeza mpata wondilamula," anatero osatembenuka.

Ndinalowa kuseri kwa galasi, kumene kuli kompyuta, ndipo chithunzi chinatuluka. Nthiti zinali bwino. Mapapo anali akuda bwino, mmene amayenera kuonekera. Koma mtima unali ndi kanthu kamene mitima ina ilibe. Kuzungulira m'mphepete mwake munali kamzere kakuda, kosalala, ngati munthu wautsatira mosamala ndi pensulo, ndipo kunja kwa kamzereko kunali kena koyera, kopyapyala ngati ulusi. Chithunzi chotere ndinachionapo kamodzi kokha, m'buku, ndili pasukulu. Mphunzitsi wathu anachiloza n'kutiuza kuti tichiyang'anitsitse, chifukwa ambiri a ife tidzapuma pantchito tisanachione ndi maso.

Ndinaiwala kumene ndinali. Ndinaiwalanso kuti chitseko n'chotsegula.

"Mayo ine! Koma ndiye kukongola!"

Kenako ndinamva mawu a apongozi.

"A Jambulani, mukunena ine?"

Namwino anathawira pakona atatseka pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ine m'pamene nzeru zinandibwerera. Kamzere kakuda kaja kanali mpweya. Mpweyawo unali pamalo pamene sipayenera kukhala mpweya, ndipo mtimawo unali wa agogo a ana anga.

Ndinawapempha kuti agone cham'mbali pabedi, ndinajambulanso. Kamzere kanachoka pamene kanali n'kukwera kumbali imene inali pamwamba, monga umachitira mpweya m'botolo la madzi ukalipendeketsa. Kukayika konse kunatha. Ndinaitana dokotala uja.

Anayang'ana, anavula magalasi, anawapukuta, anayang'ananso. "Si mkanjo wapindika umenewu?"

"Mkanjo sutsatira mtima chonchi, adokotala. Onani chachiwirichi. Kamzere kasuntha."

Anatenga foni n'kuimbira dokotala wamkulu wa matenda a mtima. Bambo amenewa pachipatala ponse timawatcha a Pang'onopang'ono, chifukwa palibe anawaonapo akufulumira. Amayenda ngati akuwerenga matailosi. Tsiku limenelo anatsika masitepe awiriawiri, n'kulowa m'chipinda changa ali wefuwefu, kapu ya tiyi idakali m'manja.

Anayang'ana zithunzi zija nthawi yaitali. Kenako anapita kwa apongozi, anawapatsa moni, n'kuika pachifuwa chipangizo chawo chomvera mtima. Anatseka maso. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wamva nyimbo ya ali mnyamata. Anapereka chomveracho kwa dokotala wachitsikana, kenako anachita chinthu chimene sichinachitikepo, anandipatsanso ine. Mtima unkagunda bwino, koma kugunda kulikonse kunkabwera ndi kaphokoso, khwa, khwa, khwa, ngati munthu akuyenda pa timiyala ndi nsapato zatsopano.

Mkazi wanga anali atafika, fumbi la choko lidakali pasiketi. A Pang'onopang'ono anakoka mpando n'kutifotokozera tonse.

"Mtima umakhala m'kathumba kopyapyala, amayi. M'kathumbamo mumakhala timadzi tochepa basi, toti mtima usamakhulike ukamagunda. Mwanumo mwalowa mpweya. Kawirikawiri umachokera m'mapapo, pakang'ambika kamalo kakang'ono, n'kuyenda mpaka kukafika kumeneko. Ine zaka zonse ndagwira ntchitoyi, inu ndinu wachiwiri."

"Woyambayo ali kuti?" anafunsa apongozi.

"Ali moyo, ndipo amandisowetsa mtendere ndi mauthenga a pafoni. Mpweya ukakhala wochepa chonchi, thupi limaumwa lokha. Koma ukawonjezereka ukhoza kufinya mtima, ndiye pamenepo timautulutsa mwachangu ndi singano. N'chifukwa chake lero simupita kunyumba. Tsopano ndiuzeni. Munagwa? Munasanza kwambiri? Mwanyamula cholemera?"

Apongozi anayang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani.

"Amayi," anatero mkazi wanga, ndi mawu amene amalankhulira kwa ana obwera opanda homuweki. "Ndalowa kuchipinda kwanu kukatenga mankhwala. Kabati ija wasuntha ndani?"

Apongozi anapitiriza kuyang'ana kudenga.

"Yayenda yokha?"

"Ndinangoikankha pang'ono."

Nkhani inatuluka mochita kukoka. Anakhala pansi, anatsamiritsa msana pakabati, mapazi anaponda kukhoma, anakoka mpweya n'kuugwira, n'kukankha ndi mphamvu zonse. Kachitatu kabati inayenda. Kachinayi anamva kanthu kakuti thu m'chifuwa.

"Nanga osadikira amuna apakhomo bwanji?" anafunsa a Pang'onopang'ono.

"Ndinauzidwa kuti Loweruka," anayankha apongozi. "Koma sananene Loweruka lake."

Maso onse anagwera pa ine. Kukanakhala kotheka ndikanalowa m'makina anga omwe.

Masana amenewo panalibe choseketsa. Anawagoneka pabedi la pafupi ndi tebulo la anamwino, atawaphimba mphuno ndi pakamwa kuti azipuma okosijeni, makina owerenga kugunda kwa mtima akulira kumutu kwawo. Anawamwetsa madzi ena owawa amene amaoneka pachithunzi, ine n'kuwajambulanso akumeza, kuti tione ngati kummero sikunabooke. Kunali bwino. Mkazi wanga anandipeza pakhonde la wodi.

"Masabata atatu, bambo inu! Kanthu ka mphindi zisanu!"

"Ndikudziwa."

"Musandiyankhe kuti ndikudziwa. Bwenzi mutakana kuti ndikalipe bwino."

Analira, anandikalipiranso, kenako anatsamira paphewa langa kanthawi, n'kunditumiza kunyumba kukatenga bulangete ndi mswachi.

Dzuwa linali lisanalowe pamene ndinalowa m'chipinda cha apongozi. Kabati inali itasuntha utali wa mkono wonse, itasiya mizere iwiri pansi. Pawindo panali mpando. Ndinakhalapo, ndipo m'pamene ndinaona chimene kabatiyo inkabisa: mphambano ya kumunsi kwa msewu wathu, pamene magalimoto a sukulu zoyendetsa amadzaphunzirira kukhota. Nthawi yomweyo kagalimoto kofiira kanali katazima pakati pa msewu, wophunzira akulimbana ndi giya. Ndinakhala pampandopo mpaka kanalira n'kupita.

M'mawa mwake chithunzi chinaonetsa kuti mpweya sunawonjezereke. Tsiku lotsatira unali utayamba kuchepa. A Pang'onopang'ono anabwerera ku kayendedwe kawo, ndipo tonse tinadziwa kuti zoopsa zadutsa. M'pamene anapempha apongozi ngati angalole kuti ophunzira udokotala abwere kudzamvera kaphokoso kaja kasanathe.

"Ndi angati?"

"Khumi ndi awiri. Mwina anzawo akamva abweranso."

Apongozi anapempha mkazi wanga kuti awapese tsitsi ndi kuwakwezera mapilo. Anawongola msana. "Abwere. Koma mmodzimmodzi."

Nkhaniyi ndinaimva kwa namwino, ndipo nthawi ya nkhomaliro ndinakwera kukaona ndekha. Mzere wa makoti oyera unali utafika pakhomo la wodi. Woyamba, wamtali ngati mlongoti, anafika n'kungoyamba kutambasula chomvera chake.

"Ima pomwepo. Wapereka moni?"

"Pepani, amayi, muli..."

"Bwerera pakhomo, ukalowenso."

Anabwerera, wodi yonse ikuyang'ana. Wachiwiri anapereka moni bwinobwino koma anaika chitsulo chozizira pakhungu, ndipo anauzidwa kuti achifunditse kaye m'manja mwake chifukwa munthu si firiji. Wachitatu anamvera kanthawi kochepa n'kugwedeza mutu kuti wamva.

"Wamva chiyani?"

"Kaphokoso kaja, amayi."

"Kakuti bwanji?"

Anayang'ana anzake.

"Ukunama. Ine ndakhala zaka makumi atatu ndi anthu onena kuti ayang'ana pagalasi asanayang'ane. Tsitsa pang'ono, chakumanzere. Adokotala aakulu amaika apa. Usathamange, palibe amene akukuimbira hutala kumbuyo. Nanga tsopano?"

Nkhope ya wophunzirayo inasintha. Maso anatuluka, pakamwa panatseguka. "Khwa, khwa!"

"Eya. Wakhoza. Wina abwere."

A Pang'onopang'ono anaima kumapazi kwa bedi manja ali kumbuyo. Pambuyo pake anandiuza kuti akanakhala ndi mphamvu akanawalemba ntchito.

Ophunzira atatha, apongozi anapempha kuti nawonso amve. Dokotala wachitsikana anawaika chomvera m'makutu n'kuwagwirira pachifuwa. Anamvetsera nthawi yaitali, nsidze zitakumana, ngati mmene ankamvera galimoto asanaikwere.

"Injini ili bwino," anatero. "Koma mwalowa kamchenga."

Mayi wa bedi loyandikana, amene anali atachitidwa opaleshoni ya ndulu, anaseka mpaka anagwira pabala n'kuyamba kupempha chifundo. Apongozi nawonso anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba kumene sitinakumve chaka chathunthu, ndipo namwino anathamanga. Panali malamulo: osatsokomola mwamphamvu, osadzikakamiza, osaseka kwambiri. Lomalizali linavuta wodi yonse. Amayi asanu ndi mmodzi ankangoyang'anana, milomo itafinyidwa, misozi ikutsika, namwino akuwaopseza kuti awasiyanitsa mabedi ngati ana asukulu. Pofika tsiku lachinayi apongozi ndi mayi wa ndulu uja anali atauzana mbiri zawo zonse, za ana, za malemu amuna awo, ndi za madokotala amene ali pabanja ndi amene sali.

Ana athu anaimba foni kuchokera kumene amakhala, mawu ali ndi mantha. Agogo awo anawadula pakamwa. "Musalire, mukunditayitsa nthawi. Pali anthu asanu pamzere akudikira kumva mtima wanga. Inu mitima yanu anaimverapo ndani?"

M'mawa uliwonse ankabwera nawo kwa ine pa chikuku, ndipo ndinkawamva asanafike. "Kona imeneyo mwaidula! Mukanakumana ndi wina bwanji? Chepetsani liwiro, pansi panyowa apa." Bambo wokankha chikukuyo, munthu wa zaka zake, ankangoti, "Chabwino, aphunzitsi." Zinadziwika kuti anaphunzira kwa iwo kalekale n'kulephera mayeso kawiri, ndipo apongozi ankakumbuka ngakhale ngalande imene analowetsamo tayala.

Atatha masiku asanu m'chipatala, nditamaliza kuwajambula, ndinapempha namwino kuti atisiye pang'ono. Ndinakhala pa kampando patsogolo pawo.

"Amayi, za kabati ija. Ndinalakwa. Ndinakhala pampando wanu uja, ndinaiona mphambano."

Ankaseweretsa chingwe cha mkanjo.

"Amene akuphunzitsa masiku anowa amangokhala pa foni," anatero. "Mwana akuvutika ndi kilatchi, iye maso ali pansi. Ndimafuna ndiziwaona, ndizikwiya. Munthu ukasowa chokwiya nacho ndiye kuti watsala pang'ono." Anandiyang'ana. "Ndionetseni chithunzicho. Aliyense wachiona kupatula mwini wake."

Ndinawakankha mpaka kuseri kwa galasi, kumene odwala salowa. Ndinatsegula cha tsiku loyamba, ndinawalozera nthiti, mapapo, mtima, kenako kamzere kaja.

"Kameneka? Kochepa chonchi?"

"Komweko."

"Ine sindikanakaona." Anasendeza nkhope pafupi. "Adokotala aakulu aja andiuza kuti ambiri akanangoti palibe kanthu, ine n'kupita kunyumba ndi mankhwala a chilungulira. Akuti muli ndi maso." Anatsamiranso pachikuku. "Sindikupepesa ayi, musayembekezere. Ndikungobwereza zimene anena adokotala."

"Ndamva, amayi."

"Komanso mawu munakuwa tsiku lija. Womaliza kunena zimenezo ine ndili pafupi anali malemu apongozi anu. Nawonso ankanena galimoto yatsopano."

Tinaseka tonse, mosamala, iwo atagwira pachifuwa.

Kamzere kanapitiriza kuonda. Patatha masiku asanu ndi anayi ndinakafunafuna paliponse, kutsogolo ndi cham'mbali, osakapeza. A Pang'onopang'ono anamvera pachifuwa n'kunena kuti phokoso latheratu. Mkazi wanga anakumbatira dokotala wachitsikana mpaka magalasi anapendekeka. Apongozi okha ndi amene anaoneka ngati alandidwa kanthu.

"Ndiye kuti ndangokhala ngati wina aliyense tsopano?"

"Ndi zimene timafuna, amayi."

Tikumanga katundu, kunafika madokotala awiri ochokera ku chipatala china, atayenda ulendo wa maola atatu kuti adzamve okha. Apongozi anawalandira bwino, anawalola kumvera, kenako anawayang'ana mwachifundo. "Mwachedwa, ana anga. Zatha dzulo. Koma khalani pansi ndikuuzeni mmene zimamvekera."

Tinatuluka ndi pepala la malamulo: miyezi iwiri osanyamula chilichonse cholemera kuposa ketulo. Koma munthu amene tinabwerera naye kunyumba sanali uja wa "ee" ndi "ayi". Tisanalowe n'komwe pageti anali atandiuza kuti ndimaponda buleki mochedwa, ndimagwira chiwongolero ngati ndanyamula mbale yotentha, ndiponso kuti amene anandipatsa laisensi anali ndi chisoni chambiri. Ndinayang'ana mkazi wanga pagalasi. Ankamwetulira misozi ili m'maso, ngati walandira uthenga wabwino.

Patatha mwezi, a Pang'onopang'ono anandiimitsa pakhonde. Lachinayi lililonse m'mawa madokotala amakumana m'chipinda chachikulu kukambirana matenda ovuta, ndipo ankafuna kuti nkhani ya apongozi ikambidwe. Dokotala wachitsikana adzafotokoza za wodwala, iwo adzafotokoza za chithandizo. "Koma zithunzi mudzafotokoza ndinu. Munaziona ndinu." Zaka zonse zimene ndagwira pachipatalapo, m'chipinda chimenecho ndinkangolowamo kukalumikiza mawaya a kompyuta.

Pankafunika chilolezo cha mwini wake. Ndinapita nacho chikalata kunyumba, n'kuwafotokozera kuti dzina lawo silitchulidwa, adzangoti mayi wina wachikulire.

"Mtima wanga, mpweya wanga, kabati yanga, dzina mubise?" Anawerenga chikalata chonse, ndi timalemba tating'ono tomwe. "Ndisayina. Koma ndikakhalapo."

Anakhaladi pamzere woyamba, atavala diresi lawo la buluu ndi nsapato zimene anali asanavalepo chimwalirire amuna awo. Mkazi wanga anali pambali pawo, atapempha tchuthi cha tsiku limodzi. Chipinda chinadzaza, ena anaima kukhoma. Dokotala wachitsikana anayamba bwino, mawu osanjenjemera. Atafika ponena kuti wodwalayo anakankha kabati yaing'ono ya m'chipinda, dzanja linakwera pamzere woyamba.

"Pepani, adokotala. Sinali yaing'ono. Analowetsa amuna anayi."

Anthu anafa nacho chiseko. Chinsinsi chinathera pomwepo, ndipo ophunzira aja anayamba kuomba m'manja kumbuyo.

Itafika nthawi yanga ndinaimirira. Ndinali nditalemba zonena papepala, koma chithunzi chitangotuluka pakhoma, chachikulu kuposa chitseko, ndinaliiwala pepalalo m'thumba. Ndinafotokoza mmene ndimayang'anira chifuwa, kuyambira m'mbali kulowa pakati, mtima komalizira, kuti maso asathamange. Ndinaonetsa kamzere, ndi chifukwa chake sikangakhale mkanjo wopindika, ndi mmene kanasunthira wodwala atagona cham'mbali, kenako mmene kanaondera tsiku ndi tsiku mpaka kutha. Madokotala ankalemba. Wina wa imvi anandifunsa funso, ndinamuyankha, anagwedeza mutu n'kulembanso.

A Pang'onopang'ono anaimirira n'kufunsa ngati pali funso lomaliza. Dzanja lomwe lija linakweranso.

"Nonse mwanena kuti mpweyawo unatha," anatero apongozi. "Koma palibe wanena kumene unapita. Chinthu sichingangotha."

"Funso labwino limenelo," anayankha a Pang'onopang'ono, akuyang'ana ophunzira ngati akuwadzudzula kuti sanalifunse. "Unalowa m'magazi pang'onopang'ono, magazi anautengera kumapapo, inu n'kuupumira kunja."

"M'wodi muja?"

"M'wodi momwemo."

Apongozi anaganiza kaye. "Ndiye kuti mayi wa ndulu uja anapita nawo wina kwawo. Paja amagona kukamwa kuli yasa."

Msonkhano unatha mochedwa ndi mphindi makumi awiri, chifukwa aliyense ankafuna kuwagwira chanza. Ine ndinatsikira kuchipinda changa n'kupeza anthu asanu ndi atatu pabenchi, woyamba ali bambo wina amene anagwa pa makwerero akupachika katani. Apongozi ndi mkazi wanga anagula malalanje pageti la chipatala n'kukwera basi kupita kwa mayi wa ndulu uja, kukamuuza zimene adokotala anena. Anati akangokhalako ola limodzi. Anabwerako dzuwa likulowa, onse awiri mawu atasasa.